Mmene Che Orijino Anakanidwira Atanena Zoona

Zikomo apampando. Zikomonso amene mwandisungira mpando wa miyendo itatuwu. Ndilankhula choimirira.

Abale anga, dzina langa ndine Twaibu, koma ambiri mumandidziwa kuti Che Orijino, ndipo ena mwa inu ndimakudziwani kuposa mmene mungakondere kuti ndinene pano. Mitima ikhale m'malo. Lero ndabwera kudzadzineneza ndekha. Kumbuyoko ndikuona ena amene akazi anu akuperekezani mpaka pakhomo n'kudikira kuti mulowe. Takulandirani, ndipo zenera limene mukuliyang'analo silitseguka.

Ine ndine munthu wophunzira. Ndinalowa koleji ya zaumakaniko ku Blantyre, ndipo ndinatulukamo msanga kuposa anzanga onse. Chaka choyamba amaphunzitsa kumasula injini. Kumanga kunali chaka chachiwiri. Ndiye ngati alipo muno amene ndinamumasulira injini n'kuzimiririka, adziwe kuti sichinali chipongwe. Maphunziro anga anathera pomwepo.

Amene ananditumiza kusukuluko ndi amalume anga, Che Bwanali a ku Ngokwe, alongo awo a malemu mayi anga. Anali ndi pikapu, imodzi mwa zachifalansa zakale zija za mkango pamphuno, giya yake ya pachiwongolero, yotuwa ngati phala la mgaiwa. Inkanyamula matemba ndi milamba youma kuchokera ku nyanja ya Chiuta kupita ku Liwonde ndi kuno ku Balaka. Amalume ankaitchula Abiti Chiuta, ngati mwana wa munthu. Sankanena kuti yawonongeka, ankati wadwala. Nditakhoza mayeso anaigulitsa kuti ine ndikaphunzire. Galimoto inapita, ine ndinapita, ndipo pa awirife palibe amene anabwerako mmene anachokera.

Za kutsetsereka sindichedwapo, msewu wake mukuudziwa, ena munandipitirira muli pa liwiro. Ndinayamba ndi mowa wa Lachisanu. Kenako Lachisanu linayamba kubwera kawirikawiri pa sabata. Ndinabwerera ku Balaka wopanda pepala, koma ndili ndi ovolosi ndi Chingerezi cha zitsulo za galimoto, ndipo ziwirizi zinandipezera ntchito ya uweruzi. Pafupi ndi depoti paja amaimika magalimoto ogulitsa, wogula akayamba kukayika, wogulitsa ankati, “Itanani injiniya.” Ine n'kubwera manja kumbuyo, n'kuizungulira galimoto pang'onopang'ono ngati wapolisi pa ngozi, kugogoda boneti, kuikapo khutu, kutsokomola, kenako n'kugamula mlandu: “Orijino.”

Malipiro anga anali a m'botolo. Ndinanena orijino pa minibasi imene inali minibasi ziwiri zowotchereredwa pakati. Ndinanena orijino pa lole ya injini ya chigayo. Tsiku lina ndinanena orijino pa ngolo, ng'ombe zili pomwepo zikumva.

Sekani, koma zotsatirazi zilibe nthabwala. Mkazi wanga anandilongedzera katundu kwawo kwa Nsamala, yense n'kukwana m'jumbo imodzi, mwana wathu akuonerera. Ndinayamba kugona m'magalimoto ogulitsa omwewo. Mowa wa m'bala unandikulira, ndinatsikira ku kachasu. Mayi atamwalira uthenga unandipeza, koma unapeza munthu wosamva. Kwathu maliro sagonetsa. Ndinafika ku Ngokwe ataika kale, anthu akubalalika. Amalume sanandikalipire. Anangondithirira madzi m'manja kuti ndidye. Kuyambira pamenepo ku Ngokwe sindinapondekonso.

Tsopano ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene msewu unakhota.

Pa depoti panali wogulitsa magalimoto wina, a Chikopa, munthu wa nsapato zosongoka amene sanandisiyepo ndi ludzu. Tsiku lina anabwera ndi pikapu ya mtundu womwe uja, koma yovekedwa ngati mkwatibwi. Yofiira kuti psuu, marimu onyezimira, magalasi akuda, yotsitsidwa mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza pansi. Anaigula kwa mnyamata wina wa ku Zomba amene anaikongoletsa choncho. Za kumene inachokera kale, a Chikopa sankadziwa ndipo sankafuna kudziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti ku Ngokwe kuli mkulu wina amene amafunsabe za pikapu yake kwa aliyense wodutsa, ndipo mkuluyo ali ndi mwana wapantchito. Anatumiza mawu kudzera mwa ogula nsomba kuti Abiti Chiuta wapezeka.

M'mawa wa tsiku lobwera ogulawo anandiitanira kuseri.

“Injiniya, akuti ndi amalume ako. Ndiye ntchito yaphweka. Iwe ungonena mawu ako aja.”

“Nanga ndi yomweyo?” ndinafunsa.

“Ine ndidziwa bwanji? Zonsezi zinabadwa kwa mayi mmodzi. Gwira apa, utsuke kukhosi.”

Ndinagwira. Ndinatsuka.

Anafika dzuwa litakwera. Amalume anali atachepa thupi, maso atachita ng'ala, akuyenda atagwira phewa la mwana wawo Asiyatu, mphunzitsi wa ku Liwonde. Asiyatu ndi msuwani wanga, ndiye ali ndi ufulu wondinyoza umene ngakhale khoti silingamulande.

“Amuna anga aja ndi awa!” anatero. “Koma mwanenepa! Bambo, mukanaona, mwana wa mlongo wanu wanenepa ngati sipoko ya njinga.”

“Twaibu, sendera kuno,” anatero amalume. Anandigwira padzanja, n'kutsetsereka mpaka pachigongono, ngati akuyeza zimene zatsala. “Akuti Abiti Chiuta wabwera. Ine maso anapita. Iwe unaphunzira. Ndiuze ngati ndi iyeyo.”

Mvetsani funsolo, abale anga. Sanafunse ngati ndi orijino. Yankho la funso limenelo ndinali nalo kale m'kamwa, lotsukidwa bwino. Anafunsa ngati ndi iyeyo. Zaka zonse za uweruzi wanga palibe anandifunsapo zimenezo.

Ndinayamba mwambo wanga, manja kumbuyo. Koma nditatsegula boneti ndinapezeka ndikuyang'anadi, chinthu chimene sichinali m'ndondomeko. Injini inali ya dizilo, ya ku Japan, yokhazikidwa pa zitsulo zowotcherera pamanja. Giya anaichotsa pachiwongolero n'kuiboolera pansi. Mipando inali yachikopa, yochokera m'galimoto ina yodzikuza. Mkango wa pamphuno unali wa pamsika, wopepuka ngati supuni ya tiyi. Kachitsulo kolembapo nambala ya chesesi, msana wa galimoto uja, kanali kokhomedwa ndi misomali yatsopano yowala, kusonyeza kuti kanachotsedwapo, ndipo kachitsulo kotero kakhoza kuchokera paliponse. Ndinanunkhiza kumbuyo kufuna fungo la matemba, koma mphuno yanga nthawi imeneyo inkadziwa fungo limodzi lokha.

Chilichonse chinkati iyayi. Botolo la a Chikopa linkati eya. Amalume anaima pomwepo, nkhope atailozetsa kumene kunkamveka mapazi anga. Ndiye ndinachita chimene munthu wophunzira amachita akasowa chonena. Ndinalowa pansi pa galimoto.

Ndinalowa kukabisala, zimenezo ndisakunamizeni. Kunsiko anapakako phula lakuda ponseponse kubisa dzimbiri. Ndinagona chagada, mimba ya galimoto ili pamphuno panga, n'kumayendetsa dzanja pa chesesi kuti akunja amve ngati ndikugwira ntchito. Pafupi ndi sipuling'i yakumbuyo, mbali ya kumanzere, dzanja linapunthwa pa chigamba. Magalimoto akale onse ali ndi zigamba. Koma ichi chinali chotambalala kumodzi, chosongoka kwinaku, chokhala ndi kamchira. Zida ndinalibe, ndinazimwa kalekale. M'thumba munali chitsekerero cha botolo. Ndinapala nacho phula lija.

Linali khasu.

Ndili mwana, chaka china cha mvula yambiri, chesesi ya Abiti Chiuta inang'aluka pa Ngokwe, nsomba zili pamwamba, mitambo ikubwera. Wowotcherera analibe chitsulo choti aikepo. Amalume anathamangira kwathu, n'kugulula khasu la mlongo wawo mumpini, osapempha, n'kubwera nalo. Mayi anadandaula za khasu limenelo moyo wawo wonse. Galimoto ikamadutsa ankaima pakhonde n'kunena kuti, “Taonani khasu langa likupita ku Liwonde. Likuona dziko, mwini wake ndili pompano.” Makasu awo ankawadinda timadontho ndi msomali pafupi ndi kamchira, kuti anansi akabwereka asamati ndi awo. Ndinapalanso pang'ono. Timadontho tinalipo.

Sindikudziwa kuti ndinakhalako nthawi yotani. Maliro a mayi ndinawaphonya, abale anga, koma anandipeza okha pansi pa pikapu pa depoti ya Balaka, ndili ndi chitsekerero cha botolo m'manja. Ndinalira mwaulemu, mopanda phokoso, poti kunja kunali makasitomala.

Nditatuluka ndinaiwala kuika manja kumbuyo. Ndinangoti, “Amalume, ndi iyeyo.”

Anthu a pa depoti amene anasonkhana anaphulika kuseka. Wina anakuwa, “Wasintha nyimbo lero!” A Chikopa ananditsinzinira diso n'kunena mokweza, “Mwamva nokha, injiniya wagamula!”

Asiyatu sanaseke. “Mawu amenewa akugulira mabotolo angati?”

“Khasu la mayi lili kunsiku. Ndaligwira.”

“Nkhani ya khasu ndani saidziwa kwathu? Ukanatha kuinena uli pabala, osadetsa ndi ovolosi yomwe. Bambo, munthu uyu ananena orijino pa ngolo. Mpweya wake wokha ukhoza kulizitsa injiniyi.”

Pamenepo ndi pamene ndinafika pansi penipeni. Kwa mkazi wanga sikunali pansi, kumanda sikunali pansi. Pansi ndi pamene wanena zoona, kamodzi kokha, pa nkhani imene ukanaifera, ndipo palibe amene angazitole, chifukwa mawu ako unawagulitsa kale onse.

Asiyatu anayamba kumanga chitenje pamwamba pa diresi lakuntchito. “Ndilowa ndekha ndikaone.”

“Iyayi,” anatero amalume.

“Bambo, n'kungosuzumira basi.”

“Ndati iyayi. Sindinabwere kudzaona khasu. Ndatuma munthu, ndipo yankho ndilimva kwa iyeyo.” Anatembenukira kwa a Chikopa. “Achimwene, galimotoyi ikhala pano mpaka liti?”

A Chikopa anati Loweruka kukubwera bwana wina wa ku Blantyre amene akuifuna kuti izinyamula akwati pa maukwati.

“Chabwino. Lachisanu tikatuluka ku mzikiti ndibweranso. Twaibu adzanene mawu omwewa m'kamwa mulibe fungo. Akadzanena, titenga. Akapanda kubwera, kapena akabwera ndi mnzake wa m'botolo uja, musiyeni apite ku Blantyre akanyamule akwati.”

“Bambo, mutaye galimoto chifukwa cha chidakwa?”

“Ndinamugulitsapo kale chifukwa cha yemweyu,” anatero amalume. “Sindinadandaule. Tiye, mwanangu, dzuwa likundiwotcha.”

Atachoka, a Chikopa anandikokera pambali, nkhope itagwa. “Iwe, ndiye kuti ndi yomweyodi?” Ndinavomera. Kenako anati, “Zaka zonsezi sindinanenepo zoona pa malonda. Usauze anthu.” Anatulutsa botolo lina kuti tipepesane nalo. Ndinaliyang'ana. Linandiyang'ana. Ndinauza a Chikopa kuti ndikupita kukataya madzi, ndipo ndinakatayira ku Liwonde.

Tsopano tcherani khutu, inu akumbuyo makamaka, chifukwa zimene ndinachita zilibe matsenga.

Ndinachoka pa depoti. Munthu sungasiye mowa utakhala pa benchi imene imadziwa matako ako. Ndinakagogoda kwa Asiyatu madzulo omwewo, ndipo anati, “Amuna anga abwera kudzakhala chikamwini opanda ngakhale mswachi.” Koma anatsegula.

M'mawa mwake anandiperekeza kuchipatala. Adokotala atandifunsa kuti ndimamwa wochuluka bwanji, ndinayamba ndi yankho lija timapereka tonse, lakuti pang'ono pa zisangalalo. Asiyatu anatsokomola. Ndinanena zoona. Anandiuza kuti munthu womwa ngati ine akasiya mwadzidzidzi payekha akhoza kukomoka, ngakhale kufa kumene, ndiye anandipatsa mankhwala n'kundiuza kuti ndizibwera azindiona. Chimenechi musachiphonye. Kusiya n'kwabwino, koma musakasiyire kutchire nokha ngati ngwazi. Pitani akakuoneni.

Manja ankanjenjemera moti tiyi ndinkamwa theka, theka n'kuthirira maluwa. Asiyatu anandikhuthulira thumba la chimanga pakhonde kuti nditong'ole. Anati manja onjenjemera ndi makina abwino otong'olera. Ndinkadya ngakhale chakudya chikukana. Chilakolako chikabwera, ndipo chinkabwera ngati mwini nyumba, ndinkachinena mokweza. “Asiyatu, ndikufuna mowa.” Iye n'kuyankha ali kukhitchini, “Inenso ndikufuna ndege. Tong'ola.” Mukachinena pakamwa chimachepa. Mukachibisa chimanenepa.

Lachinayi ndinatsala pang'ono kugwa. Ndinafika mpaka pa geti, nsapato kuphazi. Chimene chinandibweza si mphamvu zanga. Ndinangoona m'maganizo khasu la mayi likupita ku Blantyre litamangidwa maluwa apulasitiki, likunyamula anthu osawadziwa. Ndinavula nsapato n'kuzipereka kwa Asiyatu kuti azitsekere m'kabati.

Lachisanu amalume anafika pa depoti atavala mkanjo woyera. Anthu anasonkhana kuposa tsiku loyamba, ena atabetcherana kale za ine. Amalume anandigwira kolala n'kundikokera pafupi.

“Uzira.”

Ndinauzira. Anandinunkhiza mosafulumira, ngati mayi wogula nsomba pamsika.

“Anyezi,” anatero. “Nena.”

“Amalume, injini si yake. Giya si yake. Mipando si yake, marimu si ake, utoto si wake. Mkango wa pamphuno ndi wa pamsika. Nambala ya chesesi sindingaiikire umboni. Munthu wofuna orijino asagule galimotoyi.” Apa a Chikopa anagwira mutu. “Koma chesesi ndi yomwe ija inang'aluka pa Ngokwe, ndipo khasu la mlongo wanu likadali pomwe munaliika. Ndi iyeyo.”

Amalume sanapemphe kuti agwire. Sanatume wina. Anangoti, “Asiyatu, malizana nawo achimwenewa.” Kenako anafufuza chitseko ndi dzanja, n'kutsegula, n'kukhala.

Asiyatu anamaliza zonse, makiyi ali m'manja, ndiye n'kumanga chitenje chija. “Ndakukhulupirira,” anandiuza, “koma ndine mphunzitsi, ndimachonga.” Analowa ndi tochi ya foni. Anatuluka maso ali ofiira, n'kunena kuti kunsiko kuli fumbi lambiri.

Ndinaliza injini. Amalume anamvetsera, mutu ataupendeketsa.

“Mawu asintha,” anatero.

“Injini ndi ina, amalume.”

“Ngakhale ine mawu anasintha. Tiye kwathu.”

Sindikuuzani kuti kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mngelo. Ndinagwapo kamodzi, pa ukwati wa mnzanga, ndipo ndinakadzinenera ndekha ku Ngokwe m'mawa mwake anthu asanandinenere. Amalume anandilanda makiyi mpaka chimanga chinacha. Ndinabwerera kuchipatala, ndinayamba kubwera kuno, ndinayambiranso. Ndinapempha malo pa galaja ina kuti ndiphunzire chaka chachiwiri chija, moti pano injini ndikaimasula ndimaimanganso, ndipo zitsulo zotsalira zikuchepa mwezi ndi mwezi. Kwa Nsamala amandilola kufika masana, kukhala pakhonde ndi mwana wanga. Mayi ake anayamba kunditulutsira mpando. Za m'nyumba sitinafikepo, ndipo sindikuthamanga.

Magalimoto ndimaweruzabe. Kungoti masiku ano ogulitsa akandiona amatembenuka, ogula ndi amene amandifuna. Ndimalowa pansi ndisanatsegule pakamwa, ndipo chimene sindikudziwa ndimanena kuti sindikudziwa. Mawu amenewo poyamba amawawa kukhosi kuposa kachasu, koma amazolowereka.

Inu amene mukuganiza kuti mawu anu anatha, kuti ngakhale mutalumbira kunyumba angokusekani, mukuganiza zoona. Akusekani. Musakalumbire. Pezani munthu mmodzi amene angakuuzeni tsiku loti mubwere m'kamwa muli anyezi okha, ndipo mubwere. Akasowa woteroyo, ine ndilipo, ndipo mphuno yanga inachira.

Ndathera pamenepa, apampando. Chotsala ndi chilengezo chimodzi. Pikapu yofiira ili pansi pa mtengo panjapo ndi imeneyo, ndipo mkulu amene wakhala kutsogoloyo ndi Che Bwanali. Anakana kulowa, akuti nkhaniyi akuidziwa ndipo ine ndimaitalikitsa. Batire yafooka. Tikatseka ndi pemphero, ndikupempha amuna amphamvu, makamaka akumbuyo aja, mudzatikankhe mpaka pamsewu. Amalume satsika, ndiye mukankhe mwaulemu.